Mndandanda wa ku Kyoto

Amuna anga, bambo a Pempho, ndi munthu wa mapepala. Ngakhale ulendo wokagula matimati ku Umoja amafuna ayambe alemba kuti tinyamuka nthawi yanji, tidzera msewu uti, tibwerako nthawi yanji. Ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo khalidwe limeneli limanditopetsa mpaka lero. Ndiye ganizani nokha zomwe zinachitika m'nyumba mwathu ku Utawala, kuno ku Nairobi, atalengeza kuti mu Novembala tikupita ku Japan, kukaona mzinda wakale wa Kyoto.

Ndiyambe ndi maso awo, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Chaka chatha dokotala wa maso kuno ku Nairobi anatiuza kuti ali ndi matenda otchedwa glaucoma. Anati matendawa amayamba kudya m'mbali, munthu n'kumaona ngati akusuzumira mu paipi, kenako bowolo limanka licheperachepera mpaka kutsekeka. Diso lakumanzere linali litapita kale. Lakumanja anati tingalisunge ndi mankhwala odontheza, koma sanalonjeze kuti mpaka liti. Kuyambira pamenepo bambo a Pempho ankapita okha kuchipatala pochoka ku ofesi, ndipo akabwera yankho linali lomwelomwelo, lakuti zili bwino, dokotala wasangalala. Ine ndinkakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.

Za Kyoto sizinayambe dzulo. Tisanakwatirane, akugwira ntchito ya zamadzi ku Lilongwe, anawatumiza ku Japan kukachita maphunziro a masabata asanu ndi limodzi. Loweruka loyamba gulu lonse linapita kukaona Kyoto, iwo n'kutsala pabedi akunjenjemera ndi malungo omwe anachoka nawo kumudzi. Mnzawo wina anawamvera chisoni n'kuwabweretsera kalendala yokhala ndi chithunzi cha kachisi wokutidwa ndi golide, ataima m'mbali mwa dziwe, kumbuyo kwake kuli mitengo yofiira. Chithunzicho anachidula n'kuchiika m'galasi. Chasamuka nafe kuchoka ku Area 25, kupita ku Lusaka, mpaka kudzafika kuno. Chinafwifwa moti ine ndinkawaseka kuti kachisi wawoyo ndi wa dzungu lophika, osati golide.

Ndinawauza kuti ngati tikupitadi, tipite mu Epulo, tisadikire. Anakana. Anati mitengo ija imafiira chakumapeto kwa chaka, ndipo sanadikire zaka zonsezi kuti akaone masamba obiriwira ngati a m'nkhalango ya Karura. Anawonjezera kuti tchuthi anapempha kale ku ofesi ndipo sangakachititse manyazi kusinthasintha. Tinakangana. Kunena zoona ndinakangana ndekha, chifukwa iwo anangokhala phee mpaka malovu anandithera. Amapambana choncho nthawi zonse.

Basi, Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi, tikadya, laputopu inkabwera patebulo. Analemba masiku asanu, lililonse ndi maola ake. Tsiku loyamba kufika ndi kupuma. Lachiwiri kachisi wa paphiri, wa khonde la matabwa pomwe munthu amaona mzinda wonse uli m'munsi. Lachitatu zipata zofiira zambirimbiri zondondozana kukwera phiri. Lachinayi kachisi wa golide uja, naini koloko m'mawa, dzuwa likamamuwomba kumaso. Lachisanu munda wa miyala yokhayokha, womwe ati anthu amangokhala pansi n'kumauyang'ana. Apa ndinawafunsa ngati miyala inatha ku Dedza, koma sanaseke. Ankadziwa nambala ya basi iliyonse, pomwe sitima imaima, ngakhale malo ovulira nsapato. Anandilamula kuti ndigule masokosi atsopano kuti tisakachite manyazi ndi zala zotuluka.

Cha mu Juni anayamba chizolowezi china. Ankatembenuzira laputopu kwa ine n'kunena kuti ndiwerenge. Ndikawerenga, ankatsegula chithunzi n'kundifunsa kuti pali chiyani. Ine ndinkati pali kachisi, mitengo ndi anthu. Iwo ayi, sizinawakwane. Mitengo yake yotani? Denga lapindika bwanji? Madziwo ndi obiriwira kapena akuda? Ndinkaona ngati andisandutsa mwana wa Sitandade 3, ndipo ndinkadziwa kuti munthuyu ndi wokonda kuyesa anzake mayeso. Pempho, mwana wathu yemwe ali ku yunivesite ku Zomba, anakula akuyankha mafunso otere patebulo lomweli.

Lamulungu lina zinthu zinandikwana. Madzi anali atasiya kutuluka masiku atatu, m'nyumba ya katswiri wa zamadzi, zovala zitaunjikana, nyemba zikupserera kukhitchini, malole a pa Bypass akulira ngati adzera pabalaza. Iwo ali phee, chala pa laputopu, akufunsa kuti pamwamba pa denga la kachisiyo pali chiyani.

Ndinati, “Kodi mulibe maso? Onani nokha.”

Mawuwa timalankhula tsiku lililonse. Ndinamuuzapo Pempho kambirimbiri akamafunafuna nsapato ili pamphuno pake. Koma atangotuluka m'kamwa mwanga, bambo a Pempho anatseka laputopu pang'onopang'ono, n'kunena kuti, “Pepani, mayi a Pempho.” Anadzuka, dzanja likuyenda m'mphepete mwa tebulo, n'kukakhala pakhonde.

Ndinachita manyazi koopsa, koma kupepesa kumandivuta chibadwire. Ine ndimapepesa ndi tiyi. Ndinawapangira wa tangawizi, ndinawaikira ndi mandasi awiri, anamwa, anathokoza, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanandifunsenso za chithunzi chilichonse. M'malo mwake ndinayamba kumva mawu a mzimayi wa mu foni akuwawerengera Chingerezi mothamanga kuchipinda. Nditafunsa anati zimafulumira kusiyana ndi kuwerenga wekha, achinyamata onse ku ofesi amatero. Ndinavomera. Ndinavomeranso atasiya kuyendetsa galimoto, ati chifukwa cha jamu ya pa Mombasa Road. Ndinavomera ataphwanya makapu awiri sabata imodzi. Munthu ukafuna kusaona, suona ndithu, ngakhale uli ndi maso awiri abwinobwino.

Mu Seputembala inakwana nthawi yokapempha viza, ndipo pa mapepala ofunika panali mndandanda wa ulendo wonse, tsiku ndi tsiku. Makina athu osindikizira anali atatha inki, choncho Loweruka masana anandituma ku kashopu ka makompyuta kali pafupi ndi siteji ya minibasi, zomwe kuno amati matatu. Mayi wa pashopupo anandipatsa mapepala awiri akadali ofunda. Ndinati ndiwerenge ndisanachoke, kuopa kukabwezedwa kunyumba chifukwa cha chilembo chimodzi.

Mndandanda sunali uja ndinkaudziwa. Kachisi wa paphiri woonera mzinda anali atachotsedwa. Zipata zofiira, kulibe. Munda wa miyala, kulibe. Tsiku lachiwiri analembapo nyumba yachifumu yakale yomwe matabwa ake apansi amalira ngati timbalame munthu akamayendapo. Madzulo ake shopu ya zofukiza. Tsiku lachitatu nkhalango ya nsungwi, ndipo pambali analemba kuti tikafike m'mamawa anthu asanachuluke, mphepo ikamawomba. Kenako munda wina womwe uli ndi kansungwi kodzaza madzi, kakadzaza n'kupendekeka n'kugogoda pamwala. Tsiku lachisanu msika wa zakudya, kulawa, ndi kachisi wa belu lalikulu.

Poyamba ndinapsa mtima. Ndinati bambowa ayamba kuzungulira mutu, tiwoloke nyanja zonsezo kukamva matabwa akulira, ngati kuti chitseko cha kubafa kwathu sichilira? Ndinatuluka panja ndikung'ung'udza, makondakitala akuitanira opita m'tauni kuti “tao, tao,” njinga zamoto zikundizungulira. Ndinaima pambali pa mayi wogulitsa masamba n'kuwerenganso kachiwiri. Matabwa olira. Fungo. Mphepo m'nsungwi. Madzi. Belu. Panalibe chinthu ngakhale chimodzi chofuna maso.

Tsiku lachinayi lokha ndi lomwe silinasinthe. Kachisi wa golide, naini koloko m'mawa. Pepala lonse linali m'Chingerezi, koma pambali pa mzere umenewu, m'kabokosi ka ndemanga, munali mawu atatu a Chichewa omwe anaiwala kufufuta: “Lorna aone, andiuze.”

Lorna ndine. Dzina limenelo anasiya kunditchula Pempho atabadwa.

Mayi wa masamba uja anandiyang'ana n'kunena kuti pole, mama, osadziwa n'komwe chomwe akupepesera. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, fumbi lili m'maso, mapepala nditawafinya m'manja moti sakanalandiridwanso ku ofesi iliyonse.

Ndinawapeza pakhonde, pa mpando wawo wa nthawi zonse, nkhope atalozetsa kumsewu. Sindinapereke moni. Ndinawafunsa kuti dokotala ananena chiyani kwenikweni, ndipo ndinawachenjeza kuti akanenanso zoti wasangalala ndipita ndekha kuchipatalako Lolemba ndikamufunse pamaso pa anthu.

Anafotokoza mwadongosolo, monga amachitira ndi malipoti a ku ofesi. Mu Meyi dokotala anawauza kuti mankhwala asiya kugwira. Mu Julayi anayesa njira ina, tsiku lomwe anandinamiza kuti ali ku msonkhano ku Naivasha, koma sizinathandize kwenikweni. Chomwe chatsala tsopano ndi kabowo ngati pakamwa pa botolo. Dokotala anati mwina kafika Khirisimasi, mwina ayi.

Ndinakalipa. Ndinawakumbutsa za Epulo, ndinawatchula kuti ndi ouma mutu, odzikonda, munthu woti amabisira mkazi wake matenda ngati ndine mlendo m'nyumba. Ndinafunsa kuti achibale awo ku Karonga ndikawauza chiyani, kuti ndinkagona chipinda chimodzi ndi munthu akuchita khungu ine osadziwa? Ndinkalira uku ndikukalipa, ndipo anthu a nyumba yapansi anatseka wailesi yawo kuti amve bwino.

Iwo anangoti, “Ndinkaganiza kuti disoli lindidikira.”

Ndinati basi, tinyamuke sabata yamawa, masamba akhale obiriwira kaya akuda, bola tikafike diso likadalipo. Anapukusa mutu. Anati viza siituluka tsiku limodzi, ndipo ngakhale itatuluka mawa, tachedwa kale. Chithunzi chija cha pabalaza, akaima patsogolo pake, amaona denga lokha, akasuntha mutu n'kuona madzi okha, akasunthanso n'kuona nthambi. Kachisi yense pamodzi ndi dziwe lake anasiya kumuona kalekale.

Ndinafunsa kuti nanga tikupitiranji.

“Inu muli nawo awiri,” anatero. “Ndimafuna muzolowere kunena zomwe mukuona. Kungoti ndinakutopetsani.”

Miyezi yonse ija ndinkati akundiyesa mayeso, pomwe munthu ankandiphunzitsa ntchito yomwe ndidzagwire moyo wanga wonse. Ndinafuna kunena kuti pepani. Sindinathe, ndipo ulendo uno tiyi sakanakwanira.

Ndinalowa m'nyumba, ndinakachotsa chithunzi chija pakhoma, ndinachipukuta ndi chitenje n'kudzakhala nacho pambali pawo. Zaka zonsezi ndinkachipukuta fumbi Loweruka lililonse, koma ndinali ndisanachiyang'anepo. Ndinayamba ndi pansi. Ndinati pali dziwe, madzi ake ndi odekha moti kachisiyo akuonekanso m'madzimo chadodolido. M'dziwemo muli timiyala ndi kachilumba kokhala ndi mtengo umodzi wopindika. Nyumbayo ndi yosanjikiza katatu, yapansi ndi ya matabwa akuda ndi makoma oyera, ziwiri zapamwambazo ndiye zagolide.

“Pang'onopang'ono,” anatero. Anali atatsinzina.

Ndinabwerera. Ndinanena za makonde, za mazenera a pamwamba omwe ndi osongoka ngati belu, za denga lomwe ngodya zake zakwezeka m'mwamba. Mawu ankandithawa, ndinkagwiritsa ntchito manja kenako n'kukumbuka kuti manjawo sakuwaona. Ndege inadutsa yotsika kulowera ku bwalo, ndinadikira kuti phokoso lithe. Kenako ndinasendeza chithunzicho pafupi ndi nkhope yanga, chifukwa pansonga penipeni pa denga panali kanthu kena kakang'ono.

“Pamwamba pali mbalame,” ndinatero. “Yagolide, yatambasula mapiko. Ilipo kuyambira kale imeneyi?”

“Ilipo,” anatero bambo a Pempho. “Ndi imene ndinkakufunsani tsiku lija. Ndinali nditangosiya kuiona.”