Chiguduli cha Pachitsime

Tiyi wa madzulo ankamwera pakhonde monga mwa masiku onse, bambo pampando wawo wopendekeka, amayi pamkeka, mlongo wake wa Namabotolo atatsamira chitseko. Namabotolo anakhala payekha pasitepe, nsapato zili mbuu ndi dothi, kapu yake ikuzizira pambali.

Dzinali anamupatsa ndi mlongo wakeyo, poti ntchito yake inali yotapa dothi ndi madzi m'timabotolo n'kupita nazo kokayeza. Sabata imeneyo abwana ake anamutuma kwawo komwe, pamalo akale omwetsera mafuta a galimoto kuseri kwa mpanda wawo. Malowo anatsekedwa kalekale, koma matanki anatsala pansi, ndipo limodzi linali litabooka. Amisiri anali atabowola maenje angapo. La pafupi ndi mpanda linatulutsa dothi lakuda, lonunkha dizilo, ndipo pamwamba pa madzi ake panayandama mafuta okhuthala ngati chala. Chomwe chinatsala kuyeza chinali chitsime cha pakhomo pawo, chimene bambo anakumba ndi manja awo iye asanabadwe.

"Tiyi wa amako wayamba kukuwawa?" anafunsa bambo.

"Ayi bambo, ndakhuta."

"Wakhuta mphepo," anatero mlongo wake. "Anthu ophunzira amamwa ndi mphuno."

Onse anaseka. Iye anangomwetulira, n'kunyamula chikwama chake kupita kuseri kwa nyumba.

Anavundukula chitsime, n'kutsitsa pachingwe kabotolo koonekera mkati, pang'onopang'ono, kuti katape madzi apamwamba okha. Kanatuluka koyera. Anabwereza kawiri, chimodzimodzi. Mtima wake unafuna kukondwa, koma mutu unakana. Dzenje lija linali mapazi khumi okha kuchokera apa, ndipo madzi a pansi pa nthaka sadziwa mpanda.

Akufuna pokhala kuti alembe, anatsamira mgolo wakale pafupi ndi khola la nkhuku. Fungo la dizilo linamumenya. Atatsegula, anapeza ziguduli zonyowa, zakuda, zitapindidwa bwinobwino chimodzi pamwamba pa chinzake.

"Tseka pamenepo, amako angaone."

Anali bambo, ataima kumbuyo kwake, manja ali kumsana.

"Bambo, izi n'chiyani?"

"Ndimadzuka iwo asanadzuke. Ndimayala chiguduli pamwamba pa madzi, chimamwa kautawaleza ka mafuta konseko, kenako ndimachikoka. Madzi amatsala oyera." Anakanda ndevu. "Lero ndachita kawiri. Mlendo sumulandira pabwalo posasesa."

"Ine ndine mlendo?"

"Wabwera ndi mabotolo."

Namabotolo anayang'ana manja a bambo ake, osweka m'mphepete mwa zikhadabo.

"Munayamba liti?"

"Dzinja lino ndi lachitatu."

Anawafotokozera mofatsa, monga amafotokozera eni malo achilendo, ndipo anadana ndi mawu akewo akutuluka. Anati mafuta apamwamba ndi omwe maso amaona, koma ena amasungunuka m'madzi ngati shuga, ndipo chiguduli sichingawagwire. Amenewo ndi amene akhala akumwa onse m'nyumba muno.

Bambo anayang'ana kuchitsime. Nkhuku zinayamba kulowa m'khola.

"Ndiye ukalemba chiyani, mwana wanga?"

"Zomwe ndapeza, bambo."

"Achitseka?"

"Achitseka. Koma ife tileke kumwa lero lomwe."

Bambo sanamukalipire. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangobwezera chivundikiro pachitsime, n'kuchikonza kuti chikhale bwino, kenako anapita kukauza amayi okha. Namabotolo anavundukulanso chitsime natsala pamenepo, akudzaza timabotolo ndi madzi apansi, akulemba tsiku ndi kuya kwake. M'nyumba munamveka mawu a amayi akukwera, kenako kutsika. Palibe anamuitana. Pa chakudya, mlongo wake sanaseleule munthu, ndipo mbale zinkangolira zokha.

M'mawa mwake anatenga ndowa ziwiri n'kupita ku mpope wa kumapeto kwa msewu. Mzere unali wautali. Azimayi ankacheza za ana awo ndi za mvula yochedwa, ndipo mmodzi anamufunsa ngati wangosamukira kumene m'derali. Anati ayi.

Pobwerera, zigwiriro zinamudula zala, madzi akutayikira pansapato. Bambo anali pachipata. Analandira ndowa imodzi osamuyang'ana, n'kuthirako pang'ono m'beseni, mosamala ngati munthu woyeza mankhwala. Kenako anawerama, nayamba kusukusula.