Lutonja Adzala Nkhadze

Lutonja ankagulitsa madzi m'tauni ya Shinyanga. Kukacha ankamangirira zigubu zisanu ndi chimodzi panjinga, n'kumakankha kuchokera kumjigo kupita m'makomo mwa anthu. Mkazi wake, Kemilembe, kwawo kunali ku Bukoba, kwa nthochi ndi mvula yosatha, ndipo ngakhale anali atatha zaka zinayi pabanjapo, fumbi la chilimwe anali asanalizolowere.

"Bambo a Holo," anatero Kemilembe tsiku lina akusesa, pomutchula ndi dzina la mwana wawo, "pakhomo pano chobiriwira ndi chidebe changa chokha."

Lutonja anaseka, koma mawuwo anamukhala pamtima. Anadzala maluwa, mbuzi za a Magembe, mkulu woyandikana naye nyumba, zinamaliza tsiku lomwelo. Anadzala mphukira ya nthochi, inapsa ndi dzuwa sabata isanathe. Kenaka a Magembe omwewo, mwina pochita manyazi ndi mbuzi zawo, anamudulira mtolo wa nkhadze pampanda wa khola lawo.

"Izi mbuzi zanga sizizifuna," anatero. "Koma usazivutitse, mwanawe. Uzisiye zikhale."

Lutonja anangomva za mbuzizo. Anadzala theka la mtolowo nthawi yomweyo, utomoni woyera ngati mkaka ukudonthabe, zotsalazo anaponya kuseri kwa khola la nkhuku. Madzulo alionse chigubu chomaliza sankagulitsa, ankathirira nkhadze zake mpaka nthaka kuchita matope.

"Ine wogulitsa madzi, mtengo wanga ufe ndi ludzu?" ankatero. "Anthu angandiseke."

Patatha masabata atatu nkhadze zinayamba kuchita chikasu. Lutonja anati madzi akuchepa, anawonjezera chigubu china. Kutsinde zinafewa ngati mbatata yowola, ndipo zinagwa imodzi imodzi. Kemilembe popereka ugali, nsima ya kumeneko, madzulo amenewo ankangoseka mobisa.

Masiku omwewo mayi ake a Lutonja anamuitanitsa ku Maswa kuti akafolere nyumba mvula isanagwe. Anakhalako mwezi ndi theka. Kunyumba kuno nkhuku zinkavuta, zinkafukula pansi pa thandala la mbale n'kumathira fumbi m'mapoto. Kemilembe anakumbukira nkhadze zotayidwa zija. Anazipeza zitanyala, mabala ake atauma. Anazizika mumzere panthaka yansangalabwi yozungulira thandalalo kuti zingotchinga nkhukuzo. Sanathirire ngakhale kapu imodzi, popeza tsopano madzi ankasenza yekha pamutu.

Lutonja atabwera anaima pakati pa bwalo, chikwama chili paphewa. Kunsonga kwa timitengo tija kunali timphukira tanthete, tobiriwira moti maso ankachita kukana kuchokapo.

"Mayi a Holo, zimenezi mwazigula kuti?"

"Ndi zanu zomwe munataya zija."

"Nanga mumathirira kangati?"

"Ndithirire ndi chiyani, wamadzi atandithawa?"

A Magembe anamva ali kwawo, anabwera akutsimphina ndi ndodo yawo. Anayang'ana mzerewo, anayang'ana Lutonja, kenaka anakhala pamwala kuti aseke bwino.

"Nkhadze ukaidula umaigoneka kaye pamthunzi kuti bala liume. Ukaizika, uiiwale. Iwe unkaisambitsa ngati khanda. Mwana wa kuno, mpaka kuphunzitsidwa nkhadze ndi mlendo wa ku Bukoba?"

"Komatu mtolowo ndinanyamula ndine," anatero Lutonja.

"Bulunso amanyamula, bambo a Holo," anayankha Kemilembe, ndipo Lutonja anaseka mpaka kukhala pansi.

Chaka chimenecho anadzala zina kuzungulira bwalo lonse, Kemilembe akulamula, Lutonja akukumba. Patapita zaka zitatu mpandawo unapitirira munthu msinkhu, wobiriwira dzinja ndi chilimwe chomwe, ndipo Kemilembe anayamba kusokera zovala pamthunzi wake. Nthambi zitayamba kutchinga zenera, anati zidulidwe.

Lutonja ankadziwa kuti utomoni wa nkhadze ukalowa m'maso munthu amalira ngati wathiridwa tsabola, ena mpaka khungu. Choncho anakabwereka magalasi akuda kwa mnzake wowotcherera zitsulo, anavala jekete lamvula dzuwa likuswa mtengo, m'manja anamanga mapepala apulasitiki, kumaso anakulunga chitenje cha mkazi wake cha maluwa ofiira. Anakwera pampando ndi chikwanje, n'kuyamba kudula.

Amayi awiri amene ankamugula madzi anafika pachipata. Anaima, anayang'anitsitsa chinthu chinali pampandocho, mmodzi anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Odi, mayi. Kodi a Lutonja alipo?"

"Kulibe," anatero Kemilembe osakweza maso pansalu yake. "Awa ndi apongozi anga, abwera dzulo. Apatseni moni."

Amayiwo anagwada mwaulemu n'kupereka moni. Lutonja anayesa kuyankha ndi mawu a nkhalamba, koma kuseka kunamugwira pakati, mpando unagwedera, ndipo anatsika msanga asanagwere munkhadzemo.