Bedi la Junie Losagonapo Munthu

Tsiku lomwe zotsatira za mayeso a chigawo chonse zinatuluka, Tessa Pruitt anakhala m'galimoto pakhomo pake, injini atazimitsa, maso ali pa foni osaphethira. Pa ana zana aliwonse a m'sukulu zaboma za dera la kwawo, ku Tarlow, 48 okha ndiwo anakhoza mayeso a kuwerenga. Avereji ya chigawo chonse inali 60. Koma kutsidya kwa msewu waukulu, ku Fenwick Heights, kumene mitengo imaoneka ngati imapesedwa m'mawa uliwonse, anakhoza 85.

Mwana wake Junie anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sankatha kuwerenga ngakhale mawu a pa katoni ya mkaka.

"Bambo a Junie, taonani apa," anatero Tessa atalowa m'nyumba, akupatsa mwamuna wake Wendell foni ija. "Sukulu yathuyi ndi dzenje. Mwanayu tikumukwirira ali moyo."

"Nanga titani? Lamulo mukulidziwa, mwana amaphunzira kudera kumene amagona. Nyumba za ku Fenwick ife sitingazithe, olo titagulitsa ndi mano omwe."

"Achemwali anga a Corinne amakhala kumeneko."

Wendell anaika kapu ya khofi pansi pang'onopang'ono. "Mayi, zimenezo n'zomangitsa."

"Ndi adilesi chabe," anatero Tessa, koma mawu anatuluka monong'ona.

Chinsinsi chinabadwa motero. Corinne anakonza kachipinda kam'mwamba. Anaikamo bedi, chidole cha chimbalangondo ndi kamswachi kofiira, kuti wina akadzabwera kudzaona akhulupirire kuti mwana amagona momwemo. Junie anamuphunzitsa mayankho ngati nyimbo.

"Umakhala kuti?"

"Msewu wa Larkspur."

"Ndi ndani?"

"Ndi amayi aakulu."

"Nanga msewu wa Quarry?"

Junie anazyolika. Msewu wa Quarry ndi kwawo kwenikweni, kunyumba ya chitseko chobiriwira. "Sindikuudziwa," anayankha.

M'mawa uliwonse kusanayere bwino, Tessa ankamutsitsa pakona. Mwana ankalowa kwa Corinne pa chitseko cham'mbali, n'kutulukira chakumaso, chikwama kumsana, kukakwera basi yachikasu ya ku Fenwick.

Masamba anafiira, anathothoka, mitengo inatsala mbulanda. Tessa ankadikira tsiku lomwe mwana wake adzabwere akuwerenga, monga munthu amadikirira wokondedwa pasiteshoni. Tsikulo silinafike. Ku Fenwick anzake onse ankawerenga mabuku okhuthala, Junie ankangotsegula lake n'kumasuntha milomo kuti aoneke ngati ali nawo limodzi. Anapeza mnzake mmodzi, Maren, koma tsiku lokondwerera kubadwa kwa Junie litafika sanathe kumuitana. Akanamuitanira kunyumba iti? Makandulo a pa keke anawazima ali ndi makolo ake okha.

Anayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse. Patebulo anasiya kulankhula. Tsiku lina ali m'galimoto anafunsa mwadzidzidzi:

"Amayi, nditasochera, apolisi ndiwauze nyumba iti?"

Tessa anagwiritsa chiwongolero.

Kenako kunayamba kuoneka galimoto yotuwa.

"Iwe Tessa," anatero Corinne pa foni, "pali mwamuna akumaima ndi galimoto moyang'anana ndi nyumba yanga. Poyamba ndimati mwina Mulungu wandikumbukira, mpaka ndinavala ndolo. Koma wofunsira sangomwa khofi n'kumayang'ana chitseko cham'mbali."

"Achemwali, musaseke. Mtima wanga uli m'mwamba."

"Sindikuseka, mng'ono wanga. Nyumbayi ndi yanga, dzina lomwe linasaina ndi langa. Ukandigwetsa m'mavuto usadzandidziwenso."

Galimoto ija inkabwera, n'kusowa, n'kubweranso. Tessa anayamba kuiona paliponse, kusitolo, kutchalitchi, ngakhale m'maloto.

M'mawa wina kunacha kutayera mbee, chipale chofewa chitakuta misewu yonse. Tessa anatsitsa Junie pakona monga mwa masiku onse. Asanafike patali, foni inalira. "Bwerera," anatero Corinne. "Mwamuna uja wagogoda."

Anapeza bambo wachikulire wa chikhoti chachitali atakhala kukhitchini, chipewa chili pabondo. Junie anali pa masitepe, atakumbatira chikwama.

"Ndine Halloran," anatero bamboyo. "Ntchito yanga ndi kutsimikiza kumene ana a sukulu zathu amakhala. Mayi, chipale sichidziwa kusunga chinsinsi. Mwana wogona m'nyumba muno mapazi ake amangotuluka. Timapazi tomwe tili panjapo tayamba ndi kulowa. Bedi lija ndalionanso. Nsalu zake zikadali ndi mizere ya momwe anazipindira kusitolo."

Tessa anagwa pampando n'kuyamba kulira. "Bambo, ndimangofuna mwana wanga awerenge. Kwathu ndi 48. Kuno ndi 85. Inu mukanatani?"

"Wakhala kuno kuyambira sukulu itatsegulira. Akuwerenga?"

Tessa anapukusa mutu.

"Sindingakunamizeni," anapitiriza a Halloran. "Teremu ikatha, mwanayu abwerera ku Tarlow. Poti mwavomera nokha, ndikalemba zimenezo ndipo ndikapempha kuti nkhaniyi ithere mu ofesi, isafike kukhoti. Koma ndiloleni ndikuuzeni za avereji yomwe yakulizaniyi. Nyumba ikakhala ya anthu asanu, anayi akhuta, mmodzi wagona ndi njala, avereji imati banjalo lakhuta. Pa ana zana a kuno, 15 sakhoza. Amenewo palibe amawatchula, chifukwa nambala yaikulu imawaphimba."

"Ndiye sukulu za kuno si zabwino?" anafunsa Corinne.

"N'zabwino ndithu. Koma ana ambiri a kuno amayamba sukulu akuwerenga kale, ndipo madzulo makolo amawalembera aphunzitsi apadera. Nambala ija imaonetsa kumene ana afika, sionetsa kumene anachokera. Tatsegulani tsamba la zotsatira lija pa foni yanu, mutsike m'munsi. Aliyense amathera pamwamba."

Tessa anatsika ndi chala. M'munsimo munali muyeso wina, woonetsa momwe ana apitira patsogolo m'chaka chimodzi. Pamenepo Tarlow inali pamwamba pang'ono pa avereji ya chigawo.

"Aphunzitsi a kwanu akukoka ngolo yolemera, koma ikuyenda," anatero a Halloran. "Chachiwiri ndi ichi. Mwana wa msinkhu uwu akamalephera kuwerenga, kholo lili ndi ufulu wopempha sukulu kuti imuyeze, aone chomwe chikumutchinga. N'zaulere. Munapemphapo kuno?"

"Ndinkaopa," anatero Tessa. "Ndinkaopa kuti ndikayandikira ofesi andifunsa kumene timakhala."

"Ndi zimenezotu. Chinsinsi chinakutsekani pakamwa pomwe mwana amafuna womulankhulira."

Junie anachoka ku Fenwick teremu itatha. Maren anamulonjeza kuti azimuimbira foni, koma sanaimbe. Corinne anapasula bedi lija n'kukalisiya kugalaja, ndipo kwa nthawi yaitali ankayankha foni ya mng'ono wake ndi mawu awiri okha. Nyengo yozizira ya chaka chimenecho inali yaitali kwambiri m'nyumba ya chitseko chobiriwira.

Koma Tessa ndi Wendell anapita kusukulu ya ku Tarlow, analowa pa chitseko chakumaso, napempha kuti mwana ayezedwe. Zinapezeka kuti Junie ali ndi vuto lomwe ana ena amabadwa nalo, loti zilembo zimamusokonekera ngakhale nzeru zili bwinobwino. Anamupatsa mphunzitsi wodziwa za vutolo, amene ankakhala naye pamodzi ndi ana ena ochepa tsiku lililonse. Wendell, munthu wamanyazi, anapita kumsonkhano wa komiti yoyendetsa sukulu za deralo, kumene nzika iliyonse imaloledwa kulankhula. Anaimirira, thukuta lili kamukamu, n'kupempha kuti ana onse aziyezedwa akadali aang'ono. Makolo ena anamuwombera m'manja, ndipo komiti inavomera kuyamba ndi makalasi oyambirira.

Chipale chitasungunuka, tsiku lina masana Tessa ndi Junie ankabwerera kunyumba wapansi. Pakona mwanayo anaima, nakweza maso kuyang'ana chikwangwani cha msewu. Milomo inayamba kusuntha. Ulendo uno munatuluka mawu, pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo.

"Quarry," anatero. Anatembenuka. "Amayi, ndi kwathu. Ndinganene tsopano?"

"Nena, mwanangu. Uuze aliyense."

Zotsatira za chaka chotsatira zinaonetsa kuti Tarlow ikadali pansi pa avereji ya chigawo. Tessa anaziwerenga mpaka m'munsi, kenako anaika foni m'thumba.

Makolo, avereji imanena za gulu, sinena za mwana wanu. Mukamayerekeza sukulu za dera lanu ndi za chigawo chonse, musathere pa nambala yoyamba, onaninso ngati ana akupita patsogolo. Mwana akamavutika, pemphani sukulu imuyeze, ndipo kalankhuleni kumisonkhano ya komiti, chifukwa sukulu yaboma ndi yanu. Musanamize adilesi. Bodza lotero amalisenza ndi mwana, m'mawa uliwonse, pamodzi ndi chikwama chake.