Mlalang'amba Wopanda Mpweya

Tsiku limene amayi ake ankachotsedwa ng'ala m'diso, mphunzitsi wa zakuthambo anakhala pa benchi ya chipatala, laputopu ili pamiyendo. Pambali pake panali achimwene ake, amakaniko, maso ali pa chitseko cha chipinda cha opaleshoni.

M'mawa womwewo anali atalandira zotsatira za kafukufuku wake. Makina akuluakulu oonera kumwamba anali atayeza mlalang'amba umene iye anausankha, gulu la nyenyezi lakutali kwambiri moti kuwala kwake kunanyamuka dziko lathuli lisanakhalepo. Ankayembekezera kupezamo mitambo ya mpweya wozizira, poti nyenyezi zatsopano zimabadwa mpweya wotere ukaundana. Anali atauza kale anzake pamsonkhano, mosakayika n'komwe, kuti mpweyawo ulimo wambiri. Koma pamene panayenera kuoneka kaphiri kosonyeza mpweyawo pa chithunzi cha zotsatirazo, panangodutsa mzere wowongoka.

“Nkhope yagwa bwanji? Adokotala anenapo kanthu?” anafunsa achimwene akewo.

“Ayi achimwene, ndi zakuntchito. Mpweya umene ndimafuna mulibe.”

“Wathawira kuti? Tayala laphulika?”

Mphunzitsiyo anaseka mosafuna. “Mlalang'ambawu tikuuona ukadali mwana. Unayenera kukhala wodzaza mpweya, nyenyezi zikubadwa mbwee. Koma zikuoneka kuti unaleka kubereka.”

“Kapena makina anuwo ndi amene akudwala.”

“Ndimalakalaka zitatero.” Anawatembenuzira laputopu ija. “Onani mlalang'amba woyandikana nawowu. Kaphiri kake aka, koonekeratu. Makina ali bwino, wolakwa ndine.”

Achimwenewo anasuzumira, n'kugwedeza mutu ngati amva, kenako anabwezera maso kuchitseko.

Iye anatsala akuyang'ana mzere uja. Manyazi anali pomwepo, akuganiza za anthu amene anamuombera m'manja. Koma pang'onopang'ono funso lina linayamba kumukanda mumtima. Mlalang'amba waung'ono chonchi unamaliza bwanji mpweya wake msanga? Unaudya wonse, kapena china chake chinauuluzira kunja? Analembera mnzake wofufuza naye kuti: “Ndinalakwitsa. Usafufute kalikonse, tiyambirenso mawa.”

Namwino anatulutsa amayi pa njinga ya odwala, diso limodzi litamatidwa thonje.

“Iwe, ntchito wabwera nayo mpaka kuno?” anatero amayiwo ataona laputopu.

“Akulira maliro a mpweya,” anayankha amakaniko.

M'galimoto mphunzitsiyo anakhala kumbuyo ndi amayi, atawagwira dzanja kuti asakhudze thonje, ndipo anawafotokozera zonse. Amayiwo anamvetsera mpaka pamapeto.

“Ndiye chinauletsa kubereka n'chiyani?”

“Sindikudziwa, amayi.”

“Sukulu yonse ija?”

“Yonse ija. Palibenso amene akudziwa.”

“Ndiye ukusekereranji?”

Mphunzitsiyo sanadziwe kuti akumwetulira. Amayiwo anamuyang'ana ndi diso lotsalalo kwa kanthawi, kenako anauza amakaniko kuti ayendetse pang'onopang'ono, msewu wachuluka maenje.