Mpata Wopanda Mwini ku Chioggia

Chigalimoto chathu chogonamo paulendo, mwamuna wanga Tullio anachiyendetsa yekha zaka khumi ndi zinayi. Sitiroko itamupha mbali ya kumanja n'kumumanga lilime, ntchitoyo inagwera ine. Mawu amene anatsala nawo anali awiri, "eya" ndi "ayi", ndipo kunena zoona ndinali nditatopa nawo onse.

Loweruka lina mu Novembala ndinamukweza pampando wa kutsogolo, njinga yake ya olumala n'kuipindira pansi pa bedi. M'mawa tinazungulira ku Adria, khofi tinamwera ku Loreo tikuonera mabwato m'ngalande, masana n'kulowa mu Chioggia, tauni ya ngalande m'mbali mwa nyanja, kwawo kobadwira. Kunkawomba chimphepo chofunda cha kummwera, kumwamba kuli bii.

Amene anayendetsapo chinyumba cha mamita asanu ndi awiri m'timisewu ta kumeneko akulidziwa thukuta lake. Magalimoto anali atathithikana pamilatho ndi paliponse pokwera. Ndinazungulira katatu ndikutukwana chamumtima. Kenako ndinangoona msewu wa m'mbali mwa ngalande uli mbee, wopanda ndi njinga yomwe. Unali wosatulukira kwina, koma ndinalowa mpaka kumapeto kwake.

"Waona? Mulungu sagona!" ndinatero.

"Ayi," anatero Tullio.

"Ayi chiyani? Ukufuna ndichiimike pamutu panga?"

"Ayi. Ayi!" Ankaloza makomo a nyumba ndi dzanja lamanzere. Khomo lililonse linali litatchingidwa ndi chitsulo chofika m'mawondo. Ine wokulira kumapiri a Belluno ndinangoti n'zotchingira agalu.

"Iwe khala phee, ndikakugulire nsomba zako za anyezi zija. Mphindi khumi basi." Ndinakiya zitseko n'kunyamuka.

Mphindi khumi za kuti! Kumsika kunali mzere, ine n'kuyamba macheza. Chibelu cha tauni chitayamba kulira mokoka, palibe amene anadzidzimuka. Mayi wogulitsa nsomba, amene anzake ankamutchula Nerina, anangoyang'ana kumapazi kwanga.

"Mayi, tinsapato timeneto mufika nato kuti? Nyanja ikukwera imeneyo."

"Sindipita patali. Galimoto ili pagombe paja, ndinapeza mpata."

Anaika mpeni pansi. "Mayo ine! Ndiye mumati tonsefe ndife zitsiru, kusiya malo abwino chonchija? Muli munthu m'menemo?"

"Mwamuna wanga. Sayenda."

"Ndiye mukuimiranji? Thamangani!"

Ndinathamanga, zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri zili kumsana. Madzi ankabwibwitira kuchokera m'mabowo a mumsewu, ozizira ngati a m'firiji. Pomwe ndinkafika pagombe anali atapitirira akakolo. Msewu kunalibe. Kuyambira pamakoma a nyumba mpaka tsidya lina anali madzi okhaokha, osadziwika pamene miyala ikuthera ndi pamene ngalande ikuyambira. Kumapeto kuja hutala inkalira osalekeza.

Ndinamupeza atawerama, lamba wa pampando atam'kola pakhosi, dzanja lamanzere lili pahutala. Kumunyamula sindikanatha, Tullio ndi chimunthu. Njinga yake m'madzi amenewo ikanatipereka tonse m'ngalande. Potembenukira panalibe. Chotsala chinali kubwerera chammbuyo mamita mazana awiri mpaka pamlatho, madzi asanafike ku injini.

Nditatembenuza kiyi, injiniyo inalira ulendo wachiwiri. Ndinayang'ana pagalasi: madzi. Pagalasi linalo: madzi, ndi maboti a asodzi atakwera mpaka kutalika kuposa ife. Ndinayamba kubwerera pang'onopang'ono. Tullio anatambasulira dzanja kuchiwongolero, ine n'kulimenya.

"Usandisokoneze iwe!"

Sindinayende mamita makumi awiri. Kumbuyo kunamveka gu! Chigalimoto chinapendekera kungalande, mbale zonse m'kabati khwekhwerere pansi.

"Ayi!"

Chikhalire naye sindinamumvepo akukuwa chotero. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse. Tayala la kumbuyo linali litatsetsereka pamphepete penipeni, ndipo mbali yopendekerayo inali yake. Mantha anandigwira.

"Tullio," ndinatero, "sindikuona kanthu. Nditani?"

Sanandiyang'ane. Anagwira giya, n'kugogoda kutsogolo kawiri. Ndinalowetsa yoyamba. Anagwira chiwongolero, n'kuchikankhira kumakoma.

"Eya."

Ndinaponda. Tayala linaterereka, linaterereka, kenako n'kukwera. Tinakhala bwino. Apo ndinalowetsa giya yobwerera m'mbuyo, ndipo manja onse ndinawachotsa pachiwongolero n'kuwaika pamiyendo. Iye maso anali pagalasi la mbali yake, osati pamadzi, koma pazitsulo zomangirira maboti zimene mitu yake inkaonekerabe pamwamba, pamzere, m'mphepete monse. Ine ndinali ndisanazione n'komwe.

"Eya... eya... ayi."

Ndinkaima.

"Eya."

Tinayenda choncho, iye manja, ine mapazi. Injini inatsokomola kamodzi, ndinaitana Mariya Woyera mokweza. Madzi ankamenya pansi pa chitseko changa. Pawindo lina la m'mwamba nkhalamba ina inkatiyang'ana itagwira kumutu.

Kenako kumbuyo kunayamba kukwera. Mlatho! Anthu ovala majombo anatipatsa njira, wina anamenya chigalimoto ndi chikhatho akufuula kuti, "Zikomo adalaivala, koma musadzayambirenso!" Nerina anali pomwepo, atabwera ndi amuna awiri ndi chingwe chimene sichinagwirenso ntchito. Anasuzumira pawindo la Tullio.

"Bambo, mkazi wanuyu mumubwezere kumapiri."

Ndinaseka, chiseko cha munthu wopulumuka. Ndinazimitsa injini n'kutembenuka kuti ndimumasule lamba. M'pamene ndinaona kuti buluku lake lanyowa mpaka m'mawondo, pamene m'galimoto madzi sanalowe ndi dontho lomwe.

Anaona kuti ndaona. Anagwetsa nkhope, khutu lake litafiira. Mphindi makumi anayi anakhala m'menemo akuwaonerera madzi amene amawadziwa kuyambira ali mwana, makiyi ali m'thumba mwanga. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Nerina anali akadali pawindo. Ndinavula jekete msangamsanga n'kumufunditsa mwamuna wanga pamiyendo.

"Akumva kuzizira," ndinamuuza mayiyo.