Mpango wa Malka pamutu pa Hinda

Ndiye Hinda uja, mwana wa a Stern a mu msewu wa Dob kuno ku Budapest, anaganiza zopaka tsitsi utoto Lachisanu masana kkkk. Lachisanu abale! Pomwe mawa lake mayi Blau amayenera kukamuona ku sunagoge ngati ali woyenera kukwatiwa ndi mwana wawo Zalman. Amene analumikiza zonsezi ndi a Cili, azakhali ake a Hinda, ndipo Hinda Zalmanyo amamufuna zenizeni, osati zocheza ayi.

Pa kabokosi ka utotowo panali chithunzi cha mzimayi wa tsitsi ngati uchi. Hinda atatsuka mutu kuyang'ana pa galasi, tsitsi lonse biriwiri ngati nkhaka za mu botolo. Anatsukanso. Biriwiri. Akuti ayesenso, amayi ake akukuwa pabalaza kuti tiyatse makandulo, makandulo, Sabata lalowa! Basi zatha, pa mwambo wathu utoto sukhudzidwanso mpaka Sabata lituluke.

Mkulu wake Malka, yemwe anakwatiwa chaka chatha, anaseka mpaka kukhala pansi mu bafa.

"Iwe, akakuika pa mbale pambali pa nyama."

"Achemwali musandiseke, ndibwerekeni mpango."

"Mpango? Wakwatiwa liti iwe?"

"Anthu aziti ndikumva kuzizira."

"Mwezi wa Juni, kutentha konseku? Aaa zako izo, tenga."

M'mawa Hinda anaumanga mpangowo ngati mmene amamangira Malka, mfundo kumbuyo, ngakhale katsitsi kamodzi osaoneka. Anaumanga bwino kwambiri, ndipo vuto linali lomwelo kkkk. Mtsikana kwathu kuno amayenda tsitsi pamtunda, wofunda mutu ndiye kuti ali ndi mwini.

Atangokwera m'mwamba mwa sunagoge mokhala azimayi, manong'onong'o anayamba. Mayi wina wokalamba wogontha pang'ono anamugwira masaya nkumupsompsona.

"Mazel tov, mafuno abwino mwana wanga! Koma ukwati osatiitana? Tinakulakwirani chani?"

Wina anangomuyang'ana pamimba. Pamimba ndithu!! Hinda nkhope yonse moto. Anabisala kuseri kwa buku la mapemphero, maso pansi pomwe pamakhala azibambo, tizipewa tokhatokha, akusaka ka Zalman kakuda kaja. Atakapeza manyazi anachita kuwonjezeka.

Mapemphero atatha mayi Blau anaimirira, wigi yawo ya pa Sabata ili nga, nkulunjika kwa azakhali a Cili. Mayiwo sanamuyang'ane nkomwe Hinda.

"Cili, mukundiseweretsa eti? Mwana wanga mukufuna kumupatsa mkazi wa mwini?"

"Sanakwatiwe ameneyu, mayi Blau!"

"Kapena banja linatha? Tangonenani, sife ana."

"Banja lake liti? Ndi mtsikana uyu!"

"Nanga chili kumutucho ndi chani?"

Azakhali anatembenuka nkumutsina Hinda pamkono. "Vula."

"Azakhali chonde."

"Ndati vula."

"Sindingathe, pano ayi, chonde azakhali."

Mayi Blau anali atayamba kale kulowera ku masitepe. Akatsika basi, Zalman wapita, ndipo pofika Lamlungu Budapest yense akhala akunena kuti mwana wa a Stern anakwatiwa mobisa. Hinda anakweza manja, zala zikukanika kumasula mfundo, kenako anangokoka.

Chete.

Ndikuti chete, ngakhale ana anasiya kuthamanga. Kenako mayi wogontha uja, mokweza ngati ali pa msika:

"Kalanga ine, mwana wamera ndere!"

Azimayi anayesa kudzigwira koma wina anaphulika, wina nkubisa nkhope mu buku, ma wigi kugwedezeka mzere wonse kkkk. Malka anali atagwira pamimba ndi kuseka kuseri kwa chipilala. Hinda sanalire, koma akanakonda pansi patang'ambika agwere pakati pa azibambo afe.

Mayi Blau anabwerera pang'onopang'ono. Anayang'ana mutuwo kutsogolo, anazungulira kumbuyo, akudziletsa kuseka.

"Mwadzipanga nokha zimenezi?"

"Inde mayi."

"Chifukwa cha ine?"

Hinda anangogwedeza mutu wake wobiriwirawo.

"Hmm. Tiyeni mukadye nafe, nyemba zagona pamoto." Hinda anafuna kumanganso mpango msanga msanga koma iwo anamugwira dzanja. "Ayi ayi, bwezerani mwini wake. Kwanga mtsikana salowa atafunda mutu, anthu angati ndakwatitsa mwana osawauza."

Ndiye anatsika choncho. Pabwalo azibambo onse ali mbwee, zipewa zakuda kutembenuka chimodzichimodzi, Hinda maso pa nsapato, akutsata mayi Blau amene amauza aliyense mokweza kuti "sanakwatiwe uyu, mukudzionera nokha."

Zalman anali pa geti. Anamuyang'ana kamodzi, makutu psuu, anagwira kachipewa kake ngati kuli mphepo, nkunena "Sabata labwino" akuyang'ana khoma.

"Amene ukumupatsa moniyo ali uku," anatero mayi ake. "Yenda patsogolo, ukaike mbale ina."