Nsalu ya Mgonero ndi Madzi a pa Mjigo

Lamulungu limenelo mapemphero atatha, amayi a mumpingo anatsalira pansi pa mtengo wa mango kuti agawane ntchito zokonzekera Mgonero. Ena anatenga zosesa, ena zokolopa, ena zotsuka timakapu. Itafika nkhani ya nsalu ya pa gome, a Hilda, mtsogoleri wa amayiwo, anaitulutsa m'jumbo n'kuiika pamiyendo pa Zelifa.

Zelifa anacheuka, poganiza kuti amupatsa kuti apatsire wina wakumbuyo.

"Mukuyang'ana ndani? Ndi inuyo, amake Jenifer," anatero a Hilda. "Muchape, musite, mubwere nayo Lamulungu m'mamawa."

Zaka zisanu ndi chimodzi Zelifa anali kunja kwa Mgonero. Mwamuna wake atamwalira, anayamba kutcheza kachasu kuseri kwa nyumba kuti ana adye, ndipo akulu ampingo anamuika pa chilango. Iye sanakangane nawo. Ana atakula, iye anaswa mbiya zake, nabwerera ku munda wa mpunga ndi nandolo, ndipo chaka chimenechi akulu aja anamulandiranso. Mgonero umene unkabwerawu unali wake woyamba pambuyo pa chilangocho. Koma kulandiridwa ndi akulu n'kwina, kulandiridwa ndi amayi anzako a pa mkeka n'kwinanso. Ankati akafika, nkhani zimachepa.

Amene anayankhula anali a Rozaria, mayi wachikulire amene anachapa nsaluyo zaka makumi atatu mpaka nyamakazi itawapinda zala. Pa utsikana wawo anagwira ntchito yochapa ndi kusita kunyumba ya bwana wina wa munda wa tiyi ku Mulanje, ndipo ku Mkhumba kuno panalibe wodziwa nsalu yoyera kuposa iwo. Mchimwene wawo, malemu a Goodman, anali mmodzi mwa anthu amene dzuwa linkawalowera pakhonde pa Zelifa akumwa kachasu uja.

"Nsaluyo siinazolowere utsi wa kuseri kwa nyumba," anatero a Rozaria, maso ali pa zala zawo.

Wina anatsokomola. Zelifa anaikumbatira nsaluyo, mumtima akulumbira kuti adzabwera nayo yoyera moti ngakhale a Rozaria adzasowa polasa.

Lachinayi analawirira ku mjigo ndi beseni lake lotsuka kawiri. Madzi a mjigo wa m'mudzi mwawo aliyense amawadziwa: amamveka chitsulo m'kamwa, ndipo ukawasiya m'ndowa amasiya mzere wofiira m'mbali. Anthu anazolowera. Zitenje sizidandaula, mayunifomu a ana sadandaula.

Atatambasula nsaluyo anapeza madontho atatu a vinyo pakati pake, otsala pa Mgonero wapitawo. Anapaka sopo, anafikisa, anatsukuluza. Madontho anangozilala pang'ono, koma osachoka. Apo m'pamene anakumbukira botolo la jiki, mankhwala oyeretsera zovala, limene mwana wake Jenifer anasiya pobwerera ku Blantyre. Anapita nalo kunyumba beseni lija, anathira mankhwalawo mosaumira, naviika nsaluyo, iye n'kupita kokathyola nandolo ali ndi nyimbo pakamwa.

Pobwera masana anapeza madontho a vinyo atachokadi. Koma nsalu yonse inali itasanduka yachikasu ngati tiyi wochepa mkaka.

"Mayo ine!"

Anataya madziwo, anatunga ena pa mjigo womwewo, anathira jiki yense wotsala. Pamene ankaitulutsa kachiwiri, chikasu chija chinali chitakhwima, ndipo mwina ndi mwina munali mawanga ofiirira ngati dzimbiri la pa lata. Anaiyanika m'nyumba, pa chingwe cha kuchipinda, kuopa maso a anthu odutsa.

Tsiku lonselo maganizo ankangomuzungulira. Akagule nsalu ina ku Phalombe? Nanga maluwa a ulusi woyera a m'makona aja, amene amayi oyamba a mpingowo anasoka ndi manja, akawapeza kuti? Adwale Lamulungu, nsaluyo atumize? Ndiye kuti mawu a Rozaria aja akhala oona, ndipo sadzakhalanso pa mkeka uja popanda wina kukumbukira. Anaona kuti njira zonse zikukathera pakhomo limodzi, pakhomo pamene sankafuna kufikapo.

Lachisanu dzuwa lisanakwere anakulunga nsaluyo m'chitenje, nauyamba ulendo. Anawapeza a Rozaria atakhala pa kampando pafupi ndi moto, akuyang'anira mphika wa nyemba za kalongonda umene unali utayamba kale kuwira.

"Odi kuno!"

"Odini. Ha, alendo a lero ndi achilendodi. Mwasochera?"

"Sindinasochere, amayi. Ndalakwitsa."

Anagwada, namasula chitenje chija. A Rozaria anayang'ana nthawi yaitali. Anaitenga nsaluyo, anainunkhiza, n'kukwinya mphuno.

"Jiki?"

"Eya."

"Madzi a pa mjigo?"

"Eya, amayi."

"Kangati?"

"Kawiri."

"Kawiri! Munaona kuti koyamba sikunakwane?" Anapukusa mutu. "Madzi amenewo muli chitsulo, mwana inu. Chitsulo chikakumana ndi jiki chimapsa n'kumatirira pa ulusi. Mwaidyetsa dzimbiri nsalu ya Ambuye ndi manja anu."

Zelifa anadikira mawu aja a utsi wa kuseri kwa nyumba kuti abwerenso, ndipo anali atakonzeka kuwameza. Koma a Rozaria ankangoisisita nsaluyo ndi zala zawo zopindika, monga mmene munthu amasisitira mwana wodwala amene wakhala akumulera.

"Bwanji simunakagule ina n'kutinamiza?"

"Mukanadziwa."

"Ndikanadziwadi." Analoza ndi ndodo yawo. "Mtengo wa mandimu uwo uli kuseriko. Thyolani odzaza lichero. Mchere uli m'chitini pa alumali. Ndipo musaime ngati mwabwera ku maliro, dzuwa likutithawa."

Anatsika onse awiri ku kamtsinje kochokera ku phiri la Michesi, a Rozaria patsogolo ndi ndodo yawo, Zelifa pambuyo ndi beseni pamutu. Madzi ake anali ozizira, oyera mpaka kuona timiyala pansi.

"Yambani mwatsukuluza," analamula a Rozaria atakhala pa mwala. "Kasanu. Fungo la jiki lithe lonse, chifukwa iyeyo ndi mandimu sagwirizana, angakutsamwitseni. Musapotokole ngati mukupha nkhuku! Finyani pang'onopang'ono, ulusi wake ndi wokalamba ngati ine."

Kenako anamuuza kuti adule mandimu onse, afinyire m'beseni, asefe njere ndi kansalu, athire madzi pang'ono ndi mchere wodzaza manja awiri. Nsaluyo anaiviika mmenemo mpaka itamwa paliponse. Pa mawanga a dzimbiri aja anapakapo mchere wina wonyowa ndi mandimu osasungunula. Atatero anaiyala pa kapinga, padzuwa penipeni.

"Pa waya ayi, pa mwala ayi, pa kapinga basi. Ikayamba kuuma, muziwaza madzi a mandimuwo. Ntchito yotsalayo ndi ya dzuwa."

Anakhala pamthunzi n'kumadikira. Zelifa ankadzuka kukawaza, n'kubwerera. M'manja mwake, mmene munali timabala ta mapesi a nandolo, munkalasa ngati mwalowa singano, koma sanadandaule. Pa ulendo wachitatu anaona kuti chikasu chija chayamba kufooka, ndipo anaopa kunena, kuti mwina ndi maso ake okha.

Atabwerera pamthunzi paja, Zelifa anaiyamba yekha nkhaniyo.

"Amayi, za malemu a Goodman zija..."

"Achimwene anga anayamba kumwa inu musanamere mano," anamudula a Rozaria. "Mukanatseka inu, akanapita kwa wina. Zimenezo ndimazidziwa, musaganize kuti ndine chitsiru." Anakumba pansi ndi ndodo. "Koma mutu ukhoza kudziwa, mtima n'kumakanabe. Ndikakuonani ndimaona khonde lija."

"Nanenso ndimaliona."

A Rozaria anamuyang'ana koyamba m'maso. Sananene kuti zatha, ndipo Zelifa sanapemphe kuti atero.

"Pitani mukawaze, kona iyo yauma."

Dzuwa litapendeka anatsukuluza nsaluyo mu mtsinje, naichapa ndi sopo wamba. Inali itayera, koma a Rozaria sanakhutire. Loweruka m'mawa anabwerezanso zonse ndi mandimu atsopano, mpaka mtengo uja unatsala ndi osakhwima okhaokha. Pomaliza anamasula kachiguduli m'thumba mwawo, mmene munali kabuluu kochapira, nakagwedeza m'madzi otsukuluzira mpaka madziwo atangosintha pang'ono ngati thambo la m'mawa.

Masana anali a sitachi ndi simbi. A Rozaria anamutuma Zelifa kukazula chinangwa chimodzi kuseri, nachisenda, nachipala, nachifinyira m'madzi. Zoyera zimene zinadikha pansi anaziphika mpaka zitakhala ngati phala lamadzimadzi loonekera. Anaviikamo nsaluyo, naiyanika, n'kuianula isanaumitsitse.

"Makala akhale ofiira, opanda utsi. Pukutani simbiyo pansi pake, muiyese kaye pa chitenje chanu. Chikapsa ndi chanu." Anaseka koyamba. "Yambani m'makona, kunsi kwa maluwa, kuti atukuke. Kokani ndi dzanja linali. Ehe, choncho. Manja muli nawo, mutu ndi umene unakuthawani Lachinayi."

Nsaluyo inkatuluka pansi pa simbi ili see, yowala mpaka kuthobwa m'maso. Koma atafika pa kona yomaliza Zelifa anaima. Pafupi ndi mpendero panatsala kachikasu kotalika ngati chala, kozilala, koma kooneka kwa munthu wokafunafuna.

"Aka kakana, amayi. Ndikawauza a Hilda mawa. Sindibisa."

"Muwauze, n'zabwino. Koma tabwera nayoni kuno kona inayo."

A Rozaria anaitembenuza ndi zala zawo zopindika. "Werengani maluwa. Kona iyi angati?"

"Atatu."

"Iyo? Iyo?"

"Atatu, atatu. Koma iyi anayi."

"Suzumirani kunsi kwa lachinayilo."

Zelifa anasuzumira. Pansi pa ulusi wosokedwa mothinana panali kabowo kozungulira, m'mbali mwake mwakuda.

"Khala la moto linagwa kuchokera m'simbi," anatero a Rozaria. "Chaka changa choyamba, ine amene ndinkadzitama kuti ndachapa nsalu za azungu. Ndinalira ngati mwana. Amene anali mtsogoleri nthawi imeneyo anandibwereka singano kuti ndisokepo duwa, osauza munthu. Abusa anayi adutsa pa gome limeneli osaliona duwa langa."

"Inuyo, amayi?"

"Mukauza munthu ndidzakana." Anaipinda nsaluyo mosamala, osati m'mizere yakale, kuti ulusi usathetheke pamodzimodzi, n'kuikulunga m'nsalu ina yoyera. "Kachikasu kanuko kadzachoka tikadzachapanso kawiri kapena katatu. Kabowo kanga sikadzachoka."

Lamulungu Zelifa anafika kachisi asanadzaze. A Hilda anali kale mkati akukonza timakapu, ndipo amayi angapo anali pa mabenchi akutsogolo. Zelifa anawafotokozera a Hilda zonse, za jiki, za mjigo, za kachikasu, mawu ake akumveka kwa onse. A Hilda anaitambasula pang'ono, anayang'ana, n'kuinunkhiza.

"Koma ndiye yayera! Nanga fungo la mandimuli, tikudya Mgonero kapena tikuchiza chimfine?"

Amayi aja anaseka, ndipo wina anasendera kuti Zelifa apeze pokhala. Asanakhale, ndodo inagogoda pa simenti. A Rozaria anali ataima kale mbali ina ya gome.

"Amake Jenifer, mukupita kuti? Nsalu imeneyi sayala munthu mmodzi. Gwirani uko, ine kuno. Kona yanuyo iloze kukhoma, pamodzi ndi yanga."

Anaikweza onse awiri, inafufuma ndi mphepo, n'kutsika pang'onopang'ono pa gome. Zelifa anaisalaza ndi chikhatho chake chimene chinali chikulasabe ndi mandimu.

"Mwezi wa Mgonero winawo mudzabwere Lachitatu, osati Lachisanu," ananong'oneza a Rozaria. "Ndipo mudzabwere ndi mandimu anu. Anga mwandithera."